Intouchables: kodi filimuyi imatiseketsa chabe, kapena imatigonekanso tulo?

Chisale, Zomba

Abale anga pagulu pano, Loweruka ndinaoneranso Intouchables, filimu ya ku France ya 2011 ija, ndipo aka n'kachitatu. Ndimaphunzitsa Chifalansa kusekondale, ndiye ndimafuna ndione ngati ingawayenere ana a folomu 4, amveko mmene anthu a ku Paris amalankhulira mumsewu, chifukwa cha m'buku chokha sichikwanira. Ndinaseka ngati kale, koma nditazimitsa kanema mtima sunakhale m'malo.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ndi iyi. Pali bambo wolemera kwambiri, Philippe, amene anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika m'munsi atachita ngozi akuuluka ndi parachuti. Akufuna munthu womusamalira. Pakati pa ofunsira ntchito pakubwera mnyamata wakuda, Driss, wongotuluka kumene kundende, wochokera kumafulati a anthu osauka kunja kwa mzinda. Iyeyu ntchitoyo sakuifuna n'komwe, akungofuna amusayinire pepala losonyeza kuti anafunsirako ntchito, kuti azilandirabe ndalama zimene boma limapereka kwa malova. Philippe akumulemba ntchito yemweyo, ndipo awiriwa akusanduka mabwenzi a ponda apa nane mpondepo.

Ku France kokha matikiti oposa 19 miliyoni anagulidwa, m'dziko la anthu pafupifupi 65 miliyoni. Filimu imene anthu ochuluka chonchi aithamangira imakhala kuti yawauza chinachake chimene amafuna kumva. Funso langa ndi limenelo: inawauza chiyani? Kuti olemera ndi osauka, azungu ndi akuda, angathe kukhalira limodzi? Kapena inawauza kuti musadandaule, zinthu zili bwino mmene zililimu, bola wosaukayo akhale wanthabwala?

Mwale, Chipata

Aphunzitsi, apa mukukumba pamene palibe mbewa. Filimuyi ndi yoseketsa basi, ndipo imaseketsadi. Kumbukirani pamene Philippe akumutenga Driss kukaonera opera, sewero loimba la azungu, pabwalo n'kutulukira munthu atavala ngati mtengo n'kuyamba kuimba m'Chijeremani. Driss akulephera kudzigwira, akuseka mpaka anthu olemekezeka aja akutembenuka. Ine ndinalira misozi. Kapena paphwando lokumbukira kubadwa kwa Philippe, atatopa ndi zeze za azungu, iye n'kuika nyimbo ya gulu la ku America la Earth, Wind & Fire, nyumba yonse n'kuyamba kuvina. Choipa n'chiyani pamenepo? Amene akusekedwa ndi olemerawo, ndi miyambo yawo yosamveka. Chithunzi cha madontho ofiira pansalu yoyera, bambo aja akuchigula ndi mayuro oposa 40,000. Kenako Driss naye akupaka zake zopanda mutu, Philippe n'kuchigulitsa 11,000. Ngati pali ndale, ndi zimenezo: wosauka waona kuti zaluso za olemera zina ndi bodza.

Gama, Lyon

Achimwene a Mwale, mbewa ilipo, ndipo ndi yonona. Ndili kuno chaka chachitatu tsopano pasukulu, ndiye mundilole nditalikitseko.

Filimuyi yachokera pa nkhani yoona. Philippe weniweni anali Philippe Pozzo di Borgo, wa banja lapamwamba, amene ankayendetsa kampani ya vinyo wa shampeni ya Pommery. Ngozi yake inachitika mu 1993, ndipo mkazi wake Béatrice anamwalira mu 1996. Amene anamusamalira zaka pafupifupi khumi anali Abdel Sellou, wobadwira ku Algeria. Mwamva? Mwarabu wa ku Algeria. Koma mufilimu anamusandutsa Driss wa ku Senegal.

Kwa ife zingaoneke zazing'ono, onse ndi a mu Africa. Kuno sizili choncho. France inalamulira Algeria zaka zoposa 130, ndipo nkhondo ya ufulu ya 1954 mpaka 1962 ndi chilonda chimene mpaka lero chimatuluka mafinya. Pa 17 October 1961 apolisi a ku Paris anapha anthu a ku Algeria ambiri amene ankachita zionetsero, ena mitembo yawo inapezeka mumtsinje wa Seine. Mnyamata wa Chiarabu wa kumafulati ndi amene mzungu wamba wa kuno amamuopa kwambiri akakumana naye musitima usiku. Munthu wakuda wa ku West Africa womwetulira, wamtali, wovina bwino, ameneyo anamuzolowera kumukonda kuyambira kale pa zithunzi zotsatsa malonda za nthawi ya atsamunda. Ndiye posintha dziko la munthuyu, anachotsa munga umene ukanabaya oonera.

Onaninso nyengo imene inatuluka, November 2011. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mu October 2005, anyamata awiri, Zyed Benna ndi Bouna Traoré, anafa ndi magetsi ku Clichy-sous-Bois, kumafulati a kunja kwa Paris, atabisala m'nyumba ya thiransifoma pothawa apolisi. Kunabuka zipolowe za milungu itatu, magalimoto masauzande anatenthedwa, boma linalengeza kuti dziko lili pangozi. Nduna ya zam'dziko nthawi imeneyo anali Nicolas Sarkozy, yemwe ankatchula achinyamata ena a m'madera amenewa ndi mawu onyoza akuti racaille, ngati kunena kuti zinyalala za anthu. Pamene filimuyi imatuluka, Sarkozy yemweyo anali pulezidenti ndipo chisankho cha 2012 chinali pakhomo. Pachisankhocho Marine Le Pen, wa chipani chosafuna obwera, anapeza mavoti pafupifupi 18 pa 100 alionse m'chigawo choyamba. Anthu anali otopa ndi kukangana za obwera, ndiye atapatsidwa maola awiri oti aseke limodzi ndi mnyamata wa kumafulati, anapita mwaunyinji.

Mwale, Chipata

Zambiri mwanenazi sindimazidziwa, zikomo. Koma pa za kusintha dzikozo ndikutsutsani pang'ono. Éric Toledano ndi Olivier Nakache, amene anakonza filimuyi, anali atagwirapo kale ntchito ndi Omar Sy, amene anasewera Driss, m'mafilimu awo am'mbuyo. Ankamufuna iyeyo basi. Ndipo Omar Sy si mlendo kumafulatiko, anabadwira ku Trappes, kunja kwa Paris, bambo ake a ku Senegal, mayi ake a ku Mauritania. Mukufuna akanamukana ntchito chifukwa si Mwarabu?

Gama, Lyon

Ayi, sindikunena kuti anakhala pansi n'kupangana chiwembu. Zoti ankamufuna Omar Sy n'zoona. Ndikunena za zotsatira zake. Munthu ungathe kudula mtengo pofuna nkhuni chabe, komabe mthunzi n'kuchoka.

Anaphiri, Leeds

Ine ndale za ku France sindizidziwa, koma ntchito ya Driss ndi imene ikundidyetsa ine ndi ana anga kumudzi. Ndakhala ndikusamalira okalamba ndi odwala kuno zaka zinayi. Ndiye ndikamaonera filimuyi maso anga amakhala pena.

Pali zimene anajambula moona. Tsiku loyamba Driss akukana kumuveka bambo aja masokosi ataliatali othandiza magazi kuyenda, akuti zimenezo ndi za akazi. Akumupatsa magolovesi n'kumuuza kuti azimuthandizanso kuchita chimbudzi, iye akukanitsitsa. Aliyense wa ife anadutsa pamenepo. Ine sabata yoyamba ndinkalira m'bafa, osati chifukwa chonyansidwa ndi gogoyo, koma chifukwa amayi anga omwe akudwala miyendo kumudzi ndinawasiya m'manja mwa ena, ine n'kubwera kudzasambitsa amayi a eni. Ndiponso usiku umene Philippe akubanika ndi ululu, thukuta kamukamu, Driss n'kumupukuta kumaso, kenako n'kumutulutsa panja mbandakucha kuti apume mphepo. Zimenezo zimachitikadi. Pali maola ena pakati pa usiku pamene bwana ndi wantchito kulibe, pamangotsala anthu awiri.

Koma zina ndi maloto. Driss akupatsidwa chipinda ngati cha mfumu ndi bafa lakelake, akuyendetsa galimoto yamtengo wapatali ya Maserati, akukalipira mwana wa bwana, akukoka ndi kolala neba woimika galimoto pageti. Ine nditangokweza mawu kwa wachibale wa wodwala, mawa lake ntchito yatha, ndipo chitupa changa chokhalira kuno chamangiriridwa ku ntchitoyo. Kwa wodwala mmodzi amandipatsa mphindi makumi atatu, ndimusambitse, ndimuveke, ndimudyetse, ndilembe m'buku, ndithamangire basi. Nthabwala ndiziika pati?

Munthu amene ndimamuona ine mufilimu muja ndi azakhali a Driss. Mayi amene anamutenga ku Senegal ali mwana n'kumulera ngati wake, kenako n'kubereka ana akeake ambiri. Fulati yopanikiza, ana akulimbirana bafa. Driss wasowa miyezi isanu ndi umodzi, akubwera ndi dzira lokongoletsera m'nyumba lamtengo wapatali limene waba kwa Philippe kuti awapatse ngati mphatso, iwo akumuthamangitsa. Kenako pali kanthawi kochepa kwambiri pamene Driss ali m'galimoto usiku akuyang'ana m'mwamba, akuwaona pawindo akukolopa m'maofesi a eni. Palibe nyimbo yovina pamenepo. Mayi ameneyo ndi ine, ndi anzanga onse amene timakumana pa siteshoni 5 koloko m'mawa. Filimu inamupatsa mphindi zowerengeka, koma iye ndi amene wasenza dziko lonselo pamutu.

Tiyamike, Blantyre

Asisi Anaphiri, mwandikhudza. Ndikufuna ndilankhuleko ngati munthu amene ndimayenda pa njinga ya aulumali kuyambira ndili ndi zaka 19.

Nonse mukukamba za Driss, koma kwa ine filimuyi ndi ya Philippe, ndipo ndimaikonda popanda manyazi. Pali pamene mnzake wina akumuitana n'kumuchenjeza kuti mnyamata wamulemba ntchitoyu ali ndi mbiri ya kundende, ndipo anyamata a mumsewu alibe chisoni. Philippe akuyankha kuti n'zimene akufunazo, munthu wopanda chisoni. Akuti nthawi zina Driss amamupatsira foni m'manja chifukwa waiwala kuti manjawo sagwira. Pamenepo ndinaimitsa filimu n'kukhala chete nthawi yaitali.

Simudziwa mmene chisoni chimatopetsera. Kutchalitchi amayi amandigwira mutu n'kuyamba kupemphera ndisanawapemphe. Kumsika wogulitsa amafunsa mng'ono wanga kuti "akufuna chiyani awa?" ine ndili pomwepo, ndalama zili m'manja mwanga. Driss akukana kumukweza Philippe kumbuyo kwa galimoto ngati katundu, akumuika pampando wakutsogolo. Akumunena, akumuseka, akumufunsa za akazi, akumukakamiza kuimbira foni mayi wa ku Dunkirk amene ankangolemberana naye makalata. Amamutenga ngati mwamuna mnzake. Anthu ophunzira bwino amene anabwera kudzafunsira ntchito aja, aliyense ankanena mawu okoma a chifundo, koma palibe amene ankamuona munthuyo.

Komabe ndikuvomereza chimodzi. Philippe ali ndi ndege yakeyake, anamwino, mlembi, wophika. Ulumali wake ndi wa munthu wachuma. Ine vuto langa si kusowa wondiseketsa. Ndi kondakitala amene amandilipiritsa mipando iwiri chifukwa cha njinga, kapena kungondidutsa pa siteji. Ndi masitepe a pakhomo la ofesi. Filimu sinafunse kuti munthu wakufa ziwalo wa kumafulati kwa Driss, m'nyumba yosanja imene chikepe chake chinafa kalekale, amakhala bwanji. Ndiponso François Cluzet amene anasewera Philippe ndi munthu woyenda bwinobwino. Anasewera mwaluso, sindikukana, koma ife malo amenewa sitimawapeza.

Chisale, Zomba

Achemwali a Tiyamike, zimene mwanenazi sindikanaziona ndekha, ndipo zandichititsa kubweza mawu ena amene ndinali nawo.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndi ichi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mufilimu muja Driss akulandiridwa m'nyumba ya olemera chifukwa amadziwa nyimbo: amavina, amaseketsa, amabweretsa moyo. Nanga akanakhala mnyamata wachete, wokwiya, wosadziwa nthabwala, wokhala ndi mbiri yomweyo ya kundende? Akanamusayinira pepala lake n'kumutsekera geti. Ndiye uthenga kwa ana a obwera ndi wotani? Kuti tikulandirani mukatisangalatsa?

Wolemba wina wa magazini ya ku America ya Variety, Jay Weissberg, anaidzudzula kwambiri, kunena kuti ikubwezeretsa chithunzi chakale cha munthu wakuda wokondwa kutumikira ndi kusangalatsa mbuye wake. Poyamba ndinkaona ngati wanyanya. Koma taonani pamene Driss wavala suti koyamba, mlembi wa Philippe n'kunena kuti akufanana ndi Obama. Safanana m'pang'ono pomwe. Chofanana n'choti onse ndi akuda ovala suti. Ndipo chakumapeto, Driss akukafunsira ntchito yoyendetsa galimoto, akumusangalatsa wolemba ntchitoyo pozindikira chithunzi chojambulidwa ndi katswiri Salvador Dalí pakhoma. Ndiye kuti chimene wapindula ndi kudziwa zinthu za azungu. Chimene Philippe waphunzira kwa Driss ndi nyimbo za ku America ndi chamba. Za ku Senegal palibe ngakhale liwu limodzi.

Jafali, Johannesburg

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwira ntchito ya m'munda ndi kuyendetsa galimoto kwa mzungu wina wokalamba kuno zaka zisanu ndi ziwiri. Atadwala sitiroko ndi ine ndinkamunyamula kupita naye kubafa. Tinkacheza, tinkaonera limodzi mpira, ankandifunsa za kwathu ku Mangochi mpaka anadziwa mayina a ana anga onse. Alendo akabwera ankawauza kuti uyu ndi wa m'banja mwathu. Ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zochokera mumtima.

Atamwalira, ana ake anabwera kuchokera kunja, anandipatsa malipiro a mwezi umodzi ndi masabata awiri oti ndichoke m'kachipinda ka kuseri. Pamaliro ndinakhala kumbuyo.

Ndiye a Mwale akamati ubwenziwo ndi weniweni, ndikuvomera, ndinaulawa. A Chisale akamati pali chobisika, ndikuvomeranso. Chikondi cha anthu awiri chimatheka, koma nyumba imakhalabe ya mwini wake. Mufilimu muja amene akuganiza kuti nthawi yakwana yoti Driss abwerere kwawo ndi Philippe, mng'ono wa Driss, Adama, atalowa m'mavuto ndi anyamata a mumsewu. Anachita mwachikondi, inde. Koma wolemba ntchito ndi iye, womasula ndi iye.

Gama, Lyon

Bambo Jafali, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo.

Ndiwonjezere pa zimene aphunzitsi anena za Variety. Anzanga a kuno, ngakhale akuda, ambiri amakwiya ndi chidzudzulo chimenecho. Amati anthu a ku America amaona chilichonse ndi maso a ukapolo wa kwawo, pamene filimuyi ikukamba za olemera ndi osauka. Muyenera kudziwa kuti boma la France silimawerenga anthu potengera khungu kapena mtundu pa kalembera, mfundo yake ndi yoti nzika ndi nzika basi. Pakamwa zimakoma. Koma ine ndafunsidwa chitupa ndi apolisi pa siteshoni kangapo, anzanga oyera amene ndinali nawo akungodutsa. Chinthu chimene sichiwerengedwa n'chosavuta kuchikana.

Chodabwitsa n'choti a mbali inayo nawonso inawapweteka. Jean-Marie Le Pen, bambo ake a Marine, ananena poyera kuti filimuyi ikufanizira France ndi munthu wolumala amene akudalira achinyamata a kumafulati ndi obwera kuti amuthandize, ndipo iye sanagwirizane nazo. Ndiye onani, wina akuti ikunyoza akuda, wina akuti ikunyoza France. Pa mfundo yokhayi mkulu ameneyu anaona chimene chilipodi, kungoti iye chinamunyansa. Pitani m'zipatala, m'nyumba za okalamba, m'makhitchini a malesitilanti a ku Paris, muone amene akugwira ntchito.

Ndipo tisamuchepetse Omar Sy. Mu 2012 analandira César, mphoto yaikulu ya mafilimu ku France, ya wosewera wamwamuna wopambana, munthu wakuda woyamba kuilandira, ndipo anagonjetsa Jean Dujardin amene chaka chomwecho anatenga mphoto ya Oscar ya ku America. Mphamvu imene anaipeza pamenepo sanangoidyera. Mu 2020 analemba kalata yapoyera yodzudzula nkhanza za apolisi, akutchula mnyamata wakuda Adama Traoré amene anafera m'manja mwa achitetezo mu 2016. Kenako anasewera mufilimu ya Tirailleurs, yonena za asilikali a ku Senegal amene anatengedwa kukamenyera France nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Popanda Intouchables sindikhulupirira kuti akanamumvera. Komano mu June 2023 wapolisi anawombera mnyamata wa zaka 17, Nahel Merzouk, ku Nanterre, kunja kwa Paris, ndipo mafulati anayakanso moto ngati 2005. Nahel anali wa makolo ochokera kumpoto kwa Africa, ngati Abdel weniweni uja amene filimu inamuchotsa.

Mwale, Chipata

Chabwino, ndagonja theka. Koma filimu yanthabwala siingasenze katundu yense ameneyu. Ofuna mkwiyo wa kumafulati akaonere La Haine ya 1995 kapena Les Misérables ya Ladj Ly ya 2019. Zimenezo anthu 19 miliyoni sanazionere. Iyi anaionera, ndipo agogo ena a kumudzi ku France amene sanalankhulepo ndi munthu wakuda anatuluka m'holo akumukonda Driss. Zimenezo si kanthu?

Tiyamike, Blantyre

Ndi kanthu, achimwene. Ine sindikufuna tiitaye. Ndinamvanso kuti gawo lina la phindu lake linapita ku bungwe la Simon de Cyrène limene limamanga nyumba zoti anthu aulumali ndi ena azikhalira limodzi. Ndipo Philippe weniweniyo sanafune kuti nkhani yake ikhale yomvetsa chisoni, anafuna anthu aseke. Anakakhala ku Morocco, anakwatiranso, anamwalira mu 2023 atakhala pa njinga zaka 30. Kwa munthu ngati ine zaka 30 zimenezo ndi nkhani yaikulu kuposa Maserati.

Koma agogo mukunenawo, kumukonda Driss wa pakanema n'kosavuta, satuluka m'kanemamo kudzachita lendi nyumba yoyandikana nayo.

Chisale, Zomba

Ndaganiza zowaonetsa ana anga, koma osati mmene ndimaganizira poyamba. Ndimafuna kudumpha malo a kumafulati kuti nthawi ikwane, tsopano ndi amene ndiyambire. Ndidzaimitsa pa windo paja asisi Anaphiri anena, ndiwafunse kuti mayiyu ndani, amadzuka nthawi yanji, ndipo n'chifukwa chiyani filimu ikumudutsa msanga. Ambiri mwa ana amenewa ali ndi mayi kapena malume ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Britain, ndipo amangoona ndalama zikufika pafoni. Ndidzawauzanso za Abdel Sellou, kuti munthu weniweniyo anali wa ku Algeria ndipo analemba buku lakelake. A Gama, mukapeza mpata munditumizire kumbali mawu a mumsewu amene Driss amalankhula, ena akundipita.

Anaphiri, Leeds

Aphunzitsi, musaiwale malo ena. Driss atachoka kwa Philippe, akupita ndi mng'ono wake kukawadikirira azakhali aja pa siteshoni akuweruka kuntchito. Sakupepesa, iwonso sakunena kanthu. Akungowalandira zikwama n'kuyamba kuyenda nawo. Mwana wanga wamkulu ali folomu 3, ndipo sindinamuone maso ndi maso zaka zinayi. Muwaonetse pamenepo, ndipo mudzatiuze pagulu pano zimene anawo adzanene. Ine ndikunyamuka, ndili ya usiku lero.